Mlendo Amene Sadzera Pakhomo

Karonga ndi boma la alendo. Msewu wa M1 umathera kwathu kuno, pa mlatho wa Songwe, ndipo usana ndi usiku mathiraki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pa Boma kulowera ku Chiweta. Nyengo yokolola ikafika, ogula mpunga wa Kilombero amadzaza ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya, ena ochokera ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ena kutsidya kwa mtsinje. Mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009 tinaona nkhope zamitundumitundu. Kunyanja nako, kuyambira ku Kaporo mpaka ku Chilumba, asodzi ndi ogula usipa amabwera n'kumapita. Munthu wa ku Karonga sadabwa ndi mlendo, ndipo anthu a kuno anapeza kalekale njira yokhalira naye.

Njira yake ndi mafunso. Mlendo akafika pamudzi amapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, kenako akulu amayamba kumufunsa modekha: mwachokera kuti, kwanu n'kwa mfumu yani, ndinu mwana wa ndani, kuno mwadzera ndani? Ngati agona, a mfumu amadziwitsidwa. Ngati maso ake agwera mwana wamkazi wa pakhomopo, sadziyankhulira yekha. Amatuma thenga, ndipo akuchikazi nawo amatuma munthu kukaona kumene akuchokera, kukamva ngati kwawoko kuli khola, ngati sanasiyeko mkazi wina ndi ana. Mwambowu uli ndi zilema zake, ndipo sindingauikire kumbuyo wonse. Kupimbira, kuja kopereka kamtsikana kwa bambo wachikulire pobweza ngongole, kunkachitika m'midzi yomweyi akuluakulu akuona. Komabe munthu wofuna mwana wa mwini ankaoneka nkhope, ndipo akalakwa anthu ankadziwa khomo lokagogoda.

Lero kwabwera mlendo amene sadzera pakhomo. Amafika nyumba yonse itagona, mwana ali m'neti, foni ili m'manja. Palibe womupatsa mpando, palibe womufunsa kwawo, ndipo dzina ndi nkhope zimene wabwera nazo si zake.

Ine ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba. Benchi langa lili pa Boma, kufupi ndi pokwerera galimoto za ku Songwe, ndipo ntchito imeneyi imakuonetsa zinthu zimene makolo saona. Mtsikana wovala yunifomu amabwera kudzatapa K5,000 kapena K10,000. Ndikamufunsa kuti wamutumizira ndani, yankho limakhala limodzimodzi: "Ndi ankolo." Koma ndimamuona akuwerenga kawiri uthenga umene walandira, nkhope itasintha, chifukwa dzina limene latuluka si limene amalidziwa pa Facebook. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, choncho ndalama zikayenda dzina la mwini nambala limaoneka. Ankolo aja amakhala atakonzekera kale. Amati atumiza pa foni ya dalaivala wawo, kapena ya mchemwali wawo, ndipo mwana amakhulupirira chifukwa akufuna kukhulupirira. Tsiku lina kumabwera mnyamata wa Fomu 4, nambala atailemba m'dzanja, thukuta lili kamukamu, akufuna kutumiza ndalama imene zikuonekeratu kuti inali ya fizi kapena ya thumba la mpunga. Ndikamuwerengera dzina n'kumufunsa ngati akumudziwa munthuyo, amangoti, "Tumizani basi, anti."

Anthu ambiri akamva za akaunti yabodza amaganiza kuti ndi ntchito ya akatswiri a kompyuta. Ayi ndithu. Pamangofunika simukhadi imodzi, bandulo ya ndalama zochepa ndi chithunzi chakuba. Munthu amakopera zithunzi za mnyamata wooneka bwino wa ku Johannesburg kapena za mtsikana wa ku Mbeya, n'kulemba kuti amaphunzira kuyunivesite, kapena ndi namwino, kapena ndi msilikali amene ali pantchito kunja kwa dziko. Akatero sapempha ubwenzi kwa mwana mmodzi. Amapempha kalasi yonse, kwaya yonse, timu yonse ya mpira wa manja, ndipo ena amavomera osaganiza n'komwe. Akamafika kwa amene akumufunadi, tsamba lomwelo limamuchitira umboni: limauza mwanayo kuti anzake angapo ali kale pa ubwenzi ndi munthuyu. Mwana amati, ngati anzanga akumudziwa ndiye kuti ndi munthu wabwinobwino, pomwe mwa anzakewo mulibe ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo ndi maso. Eni ake a Facebook ananena okha kuti m'miyezi itatu yomaliza ya 2020 anatseka maakaunti abodza okwana 1.3 biliyoni. Boma lonse la Karonga, pa kalembera wa 2018, linali ndi anthu 365,028. Ndipo maakaunti ajawo ndi ogwidwa okha.

Chimene chimandiopsa kwambiri mwa anthu amenewa ndi kudekha kwawo. Masiku oyamba ndi moni chabe. "Wadzuka bwanji?" "Wadya?" "Mayeso ayenda bwanji?" Awa ndi mafunso amene m'nyumba zambiri mwana safunsidwa, osati chifukwa makolo alibe chikondi, koma chifukwa bambo walawirira kumunda, mayi ali kumsika, ndipo madzulo onse abwera atatheratu. Kenako munthu uja amati, "Ndipatse nambala ya WhatsApp, kuno netiweki ikuvuta." Kenako kumabwera mayunitsi, kenako ya sopo. Mwana akapempha kuti aonane pa video call, kamera imakhala itawonongeka, kapena munthuyo ali pantchito abwana akumuona. Ndiye pamadzafika mawu amene kholo lililonse liyenera kuwadziwa ndi kuwaphunzitsa mwana wake: "Izi zikhale za awirife, usauze munthu."

Ndikulemba izi chifukwa zinalowa m'nyumba mwanga. Mwana wa achimwene anga anabwera kuchokera kumudzi kudzakhala nane kuti sukulu imuyandikire. Anali Fomu 3, wa zaka 16. Foni anamugulira ndi bambo ake omwe kuti azimva za iye, komanso poti aphunzitsi ena amatumiza manotsi pa gulu la kalasi. Iyeyu sanakumane ndi mwamuna wofuna chibwenzi. Akanakhala wotero akanamukana, chifukwa za amuna tinamulangiza mokwanira. Anakumana ndi "sisi", mayi wooneka waulemu wake, amene tsamba lake linali lodzaza ndi madiresi ndi nsapato zimene ankati amakaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Sisiyo anati akufuna atsikana amsinkhu wabwino oti azivala zovalazo n'kujambulitsa, malipiro ake diresi ndi kangachepe pamwezi. Anapempha chithunzi choimirira. Kenako cham'mbali. Kenako anati telala akufuna kuona thupi bwinobwino kuti asalakwitse saizi, "usachite manyazi, tonse ndife akazi." Chithunzi chimenecho chitangopita, foni inalira, ndipo mawu amene anamveka anali a mwamuna.

Anafuna K50,000 pofika Lachisanu, apo ayi mwanayo akakumane naye pa malo ena ogona alendo. Akakana zonse ziwiri, zithunzi zipita ku gulu la kalasi, kwa abusa ndi kwa bambo ake. Mayina onsewa anali nawo, poti mwana anali atamuuza yekha pa macheza aja.

Ndinaona kuti wasiya kudya, akudzidzimuka foni ikalira, ndipo usiku akungotembenuka. Madzulo ena tikupeta mpunga kuseri kwa nyumba ndinamuuza kuti, "Iwe, kaya chachitika n'chiyani, ine sindikumenya ndipo sindikuthamangitsa. Ndiuze." Analira nthawi yaitali asanatsegule pakamwa. Atamaliza kufotokoza ndinamufunsa chifukwa chake anasenza yekha zinthu zotere. Anati, "Anti, munthu uja ndimamuopa, koma adadi ndimawaopa kwambiri."

Mawu amenewa andikhala pamtima mpaka lero, chifukwa ndi pamene pagona malonda onse a anthu oipawa. Munthu uja analibe mpeni, analibe mfuti, mwina sanali n'komwe m'boma lino. Chida chake chinali ife. Ankadalira mkwiyo wa bambo, chikwapu cha kuseri kwa chitseko, misozi ya mayi, miseche ya pamjigo, ndi mawu aja oti "watichititsa manyazi." Ankadziwa kuti mwana wa Chimalawi angalolere kuba ndalama, angalolere kupita kumene waitanidwa, ena angalolere ngakhale kudzichotsera moyo, kusiyana n'kuima pamaso pa kholo lake n'kunena kuti ndinatumiza chithunzi chosavala. Tinalera ana athu kuti azitiopa poganiza kuti mantha awateteza. Kale mwina ankawateteza, pamene choipa chinkayenera kudutsa pabwalo kuti chifike kwa mwana. Lero mantha omwewo ndi amene amatsekera mwana m'chipinda chimodzi ndi mdani wake, ife tili kunja.

Achimwene atamva nkhaniyi, mawu awo oyamba anali akuti foni iphwanyidwe ndipo mwana abwerere kumudzi, poti tawuni yamuwononga. Ndinawamvetsa, unali ululu wa kholo. Koma ndinawauza kuti, "Achimwene, mukaphwanya foni mwaphwanya umboni, ndipo mukamuchotsa pasukulu mwamumalizira ntchito munthu uja. Wolakwa pano si mwanayu." Tinakambirana mpaka usiku. Chimene chinawafewetsa mtima si mawu anga, koma kuwerenga okha mauthenga aja kuyambira pachiyambi. Ataona mmene msamphawo unatcheredwera, pang'onopang'ono, ndi ulemu wonse, anakhala chete, kenako anaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati wadya.

Sitinalipire ngakhale tambala. Pa benchi langa ndaona kuti wolipira kamodzi amabweranso kudzalipira, chifukwa wasonyeza kuti ali ndi pokatenga. Tinasunga mauthenga onse, nambala ndi dzina la akauntiyo, tinakanena ku Victim Support Unit ya kupolisi, tinadziwitsa mphunzitsi mmodzi wamkazi amene mwanayo ankamukhulupirira, kenako tinamubuloka munthuyo. Anayesanso ndi nambala zina kwa masiku angapo, n'kusiya. Chaka chotsatira mwanayo analemba mayeso a MSCE pamodzi ndi anzake.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ife akuluakulu sitikonda kuikamba. Chiopsezo choti "ndimwaza zithunzi zako" chili ndi mphamvu chifukwa omwaza alipo, ndipo si ana okha. Zithunzi za mtsikana zikatuluka zimayenda m'magulu a WhatsApp a anthu aulemu wawo, abambo a mabanja ndi amayi osajomba kutchalitchi. "Tandiponyere nane ndione." Wina amaonjezera dzina la sukulu, wina dzina la mudzi, wina amati amawadziwa makolo ake. Pofika madzulo mwana sangathenso kudutsa pamsika. Ambiri ochita izi sadziwa kuti akupalamula. Mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limati kujambula, kusunga kapena kugawa zithunzi zolaula za mwana ndi mlandu, chimodzimodzinso kuopseza ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Amene wasunga chithunzicho m'foni mwake n'kuponyera mnzake asadziyese woonerera chabe. Iyeyo ndiye wamaliza zimene chigawenga chija chinayamba.

Nkhope ya mwana ndi malonda masiku ano, ndipo dziko lino linaphunzira zimenezi mowawa. Mu June 2022 atolankhani a BBC Africa Eye anaulula za Lu Ke, nzika ya China imene inkajambula ana ku Njewa m'boma la Lilongwe akuimba ndi kunena mawu a Chitchaina amene sankawamva, ena onyoza iwo eni, n'kumagulitsa makanemawo pa intaneti. Anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2023. Ameneyu ankayenda masana, anthu akumuona. Ndikakumbukira nkhaniyi ndimadandaula ndi mmene ife makolo timaikira zithunzi za ana athu pa masamba a mchezo, atavala yunifomu, dzina lonse ndi sukulu titalemba, poyera poti aliyense aone. Timachita mwa chimwemwe, koma tikupatsa mlendo wa pa foni uja zonse zoyambira macheza.

Msampha wina, umene kwa ife a m'malire ndi woopsa kwambiri, ndi wa ntchito. Mu March 2024 BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, ena atakopedwa ndi munthu amene anawapeza pa Facebook. Atafika analandidwa mapasipoti n'kugwiritsidwa ntchito za m'nyumba ngati akapolo, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Boma linati linagwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 160,000 kuti libweze amayi 54. Awa anali anthu akuluakulu, ena a mabanja ndi mabizinesi awo. Nanga mtsikana amene wangolemba Fomu 4, wakhala pakhomo miyezi akudikira zotsatira, m'thumba mulibe kanthu? Kuno safunika ndege kapena pasipoti. Kuchoka pa Boma kukafika ku Songwe ndi ulendo waufupi, ndipo aliyense amadziwa kuti mtsinjewo uli ndi madooko ambiri amene sadzera pa chipata. Wina akamulembera kuti kuli ntchito ya saluni ku Mbeya kapena ya m'sitolo ku Dar es Salaam, namutumizira ya thiransipoti, mwana akhoza kudya nsima ya masana pakhomo, dzuwa n'kukamulowera ali kutsidya kwa malire, ku Kyela. Lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limapereka chilango cha zaka zofika 21 kwa wozembetsa mwana, koma chilango chimadza mwana atapita kale.

Pa nkhani ya ku Oman ija pali chinthu choyenera kuchiona. Amayiwo anapezana ndi kuyamba kuthandizika kudzera pa gulu la WhatsApp limene anatsegula Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Foni imene inawatengera kuukapolo ndi yomwenso inawathandiza kufuula. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati vuto ndi foni.

Amene amatukwana ana kuti ndi opusa akacheze ku nyumba yosungirako mbiri yakale ya pa Boma pano, akamve za Mlozi. Iyeyu anafika m'dziko la Angonde m'zaka za m'ma 1880 ngati wamalonda, analoledwa kukhala, namanga linga lake ku Mpata. Mu 1887 anatembenukira eni dziko, anthu ambiri anaphedwa ku Kambwe, ena anagwidwa ukapolo, ndipo nkhanza zake zinatha atanyongedwa mu December 1895. Amene anamulandira anali mafumu ndi akuluakulu odziwa kufunsa, ndipo nkhope yake ankaiona masana. Ngati iwo anapusitsidwa ndi munthu wobwera ndi nsalu ndi mawu okoma, mwana wa zaka 15 amene ali yekha usiku ndi munthu wosaoneka timuweruze bwanji?

Anyamata timawaiwala pa nkhani imeneyi, pomwe nawonso akuthera momwemo. Kwa iwo kumabwera "mtsikana" wokongola amene amayamba yekha kutumiza zithunzi n'kupempha kuti mnyamata abwezere zake. Akangobwezera, kumatsala kulipira. Ndi bizinesi ya dziko lonse: mu July 2024 kampani ya Meta inatseka maakaunti a Instagram okwana 63,000 ku Nigeria amene ankachita zomwezi. Mnyamata ndiye amabisa kuposa mtsikana, chifukwa tinamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Palinso a likasa. Aliyense akukumbuka kuti mu November 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa chifukwa mapepala anabedwa n'kumwazidwa. Nyengo ya mayeso ikayandikira, kumatuluka maakaunti olonjeza mapepala "enieni" kwa wotumiza ndalama msanga. Mwana akaberedwa chonchi sanganene kwa aliyense, poti naye amafuna kubera. Ndipo tisanaseke anawa, tikumbuke kuchuluka kwa akuluakulu amene anagwa ndi kauthenga kaja koti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi."

Ndiye tichite chiyani, tiwalande mafoni? Ku Australia anakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu December 2025, loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Ndimawayamikira polimba mtima pamaso pa makampani olemera chotero, koma kwathu kuno zinthu zili mwina. Foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi nyumba yonse. Simukhadi ya mwana imalembetsedwa m'dzina la mayi kapena la mchimwene wake, poti chiphaso cha unzika chimayambira zaka 16. Facebook ndi TikTok amati salola osakwana zaka 13, koma mwana amangolemba chaka chobadwa chimene wafuna. Ndipo macheza amene amakola ana athu amayenda m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, Kyangonde ndi Chiswahili. Makampaniwa ali ndi udindo, ndipo a MACRA ayenera kuwakumbutsa mosatopa, koma ine sindingagone n'kumati wina wake ku California akuyang'anira mwana wa achimwene anga.

Kulanda foni kumakhazika pansi mtima wa kholo, osati kuteteza mwana. Mawa lomwelo adzabwereka ya mnzake, akaunti yake ikadalipo, mlendo uja akadalipo, ndipo tsopano mwanayo ali ndi chifukwa china chobisira. Kuti foni isalowe m'kalasi, ndikuvomereza. Kuti usiku izigona pabalaza, osati pansi pa pilo, ndikuvomerezanso, ndipo m'nyumba mwanga ndi lamulo limene ine ndemwe ndimalitsata. Koma malamulo otere amagwira ntchito pamene pali munthu wamkulu. Ganizirani za atsikana a m'masukulu a sekondale oyendera amene kwawo n'kutali, ochita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi, opanda wowayang'anira. Kholo limatumiza ufa ndi mpunga, koma sopo, mafuta odzola, mapadi ndi ndiwo mwana aonere yekha. Kwa iyeyu K5,000 ya ankolo a pa Facebook si ya zilakolako, ndi ndiwo za sabata. Tingamulangize mpaka mawu kusasa, koma njala ili ndi mawu okwera kuposa athu. Kholo limene latumiza mwana kukachita lendi liziwerengera ndalama ya sopo ngati mbali ya fizi, ndipo mabungwe ndi aphungu amene amalonjeza zitukuko adziwe kuti hositelo ya atsikana imateteza kuposa misonkhano khumi ya m'mahotela.

Chimene ndimaphunzitsa ana amene amandimvera si chachilendo. Ndi mafunso omwe aja a pabwalo, kungoti tsopano wofunsa ndi mwana mwini wake, poti mlendo akufikira kwa iye. Akulu anati safunsa adadya phula. Munthuyu, mwa anzako amene akuoneka pa tsamba lake, ndani anamuonapo ndi maso? Akaunti yake inatsegulidwa liti, ndipo pali wachibale kapena mnzake wa kusukulu amene amayankhapo ngati womudziwadi? N'chifukwa chiyani kamera yake imangokhala yowonongeka? Dzina la pa ndalama likufanana ndi la pa tsamba? Ngati ndi ntchito, ofesi yake ili pati, ndipo angalole kuyankhula ndi bambo ako? Munthu wachilungamo sakwiya ndi mafunso amenewa. Wokwiya, wofulumizitsa, wonena kuti mwayi utha lero, ndi woti usauze munthu, ameneyo wadziulula yekha. Ndimawauzanso kuti chithunzi chikachoka m'foni sichibwerera, ngakhale wolandirayo akhale chibwenzi chenicheni cha m'kalasi mwako, chifukwa zibwenzi zimatha koma zithunzi zimatsala.

Koma mafunso onsewa mwana akhoza kuwadziwa n'kugwabe, monga amagwera akuluakulu. Chofunika kwambiri ndi choti akagwa athamangire kuti. Mwambo wathu unaika kale munthu wa ntchito imeneyi. Zimene mtsikana sangauze bambo ake amauza azakhali, ndipo mnyamata ali ndi amalume kapena agogo ake. Udindo umenewu tausiya kuti uzigwira ntchito pa chinkhoswe ndi pa maliro pokha. Ndikupempha azakhali anzanga kuti tiutenge. Khalani pansi ndi mwanayo akuonetseni mmene TikTok imayendera, musachite manyazi kuphunzira kwa iye, ndipo musayambe ndi kufufuza mauthenga ake ngati wapolisi. Mulonjezeni, zinthu zisanavute, kuti tsiku limene adzabwere ndi nkhani yochititsa manyazi mudzayamba mwamumvera, ndipo kwa bambo ake mudzapita naye limodzi. Mukalonjeza musunge, chifukwa ana amauzana, ndipo mukamupereka mmodzi ku chikwapu ena onse atseka pakamwa.

Mafumu athu, kuyambira kwa a Kyungu mpaka kwa a nyakwawa, alankhula kwambiri za maukwati a ana, ndipo mawu awo amamveka. Nkhani iyinso ilowe m'mabwalo awo, makamaka yodzudzula omwaza zithunzi. Magulu a amayi a m'masukulu aikambe, ndipo wayilesi zathu za Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur ziikambe m'zilankhulo zimene agogo olera zidzukulu amamva. Maejenti anzanga, ife timaona ndalamazi zikuyenda. Mwana akabwera akunjenjemera kudzatumiza ndalama kwa munthu amene sakumudziwa dzina, komishoni yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene chikumuchitikira. Mufunseni mwaulemu, pambali, anthu asakumva.

Ndipo iwe mwana amene ukuwerenga izi uli kale m'manja mwa munthu wotere: usamutumizire ndalama, usapite kumene akukuitana, usafufute mauthenga ake. Wapalamula ndi iyeyo, osati iwe. Uza munthu wamkulu mmodzi lero lomwe. Ngati pakhomo palibe amene ungamuuze, imba 116, nambala yothandiza ana imene amayendetsa a YONECO. Ndi yaulere, ndipo ukhoza kuimba ngakhale pa foni yobwereka.